Ndinathawira Msonkho kwa Amalume

Pali zinthu zina munthu ukachita umafuna zikwiririke, koma kwathu ku Namwera nkhani sikwiririka, ndiye bola ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere. Ine, munthu wopita kusukulu, wodziwa kulemba imelo ya Chingerezi chosalala, ndinatsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa chodziona ngati wochenjera kuposa maiko awiri.

Ntchito yanga ndi ya pa laputopu. Kampani ina ya kunja imanditumizira mawu ojambulidwa a Chiyao ndi Chichewa, ine n'kumawalemba ndi kuwamasulira m'Chingerezi. Mwezi ukatha madola amagwa mu akaunti yanga ya ku banki pa boma. Ntchito imeneyi ndi imene imatidyetsa ine ndi amayi, ndiponso ndi imene imalipira fizi ya mng'ono wanga amene akuphunzira unamwino. Vuto linali limodzi: palibe amene ankandidula msonkho. Aphunzitsi oyandikana nafe akamadandaula kuti awadulanso, ine ndinkangovomereza kuti eee, zinthu zavuta, mtima uli m'mwamba. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzandipeza n'kutchula ndalama yoti tigulitse nyumba. Kupita kukafunsa? Ayi ndithu. Ndinkati ndikangoponda pakhomo pa ofesi ya misonkho ndiye kuti ndadzipereka ndekha.

Amene anandipatsa nzeru ndi msuweni wanga Saidi, mwana wa azakhali, amene amagulitsa m'shopu ku Joni (munthu wodziwa chilichonse, kuyambira mankhwala a nsikidzi mpaka malamulo a maiko). Anandiimbira n'kundiuza kuti azungu ogwira ntchito pa intaneti salipira msonkho kulikonse, chifukwa dziko limakuwerengera kuti ndiwe wake ukakhalamo kupitirira theka la chaka. Ndiye wanzeru amakhala theka kuno, theka kwina, basi sakhala wa aliyense.

"Asuweni, inu muli ndi mwayi," anatero. "Azunguwo amalipira ndege. Inu dziko lina lili kuseri kwa munda."

Apo yekha sananame. Makolo athu anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Amayi anakhazikika ku Namwera, koma achimwene awo anabwerera kumudzi nkhondo itatha. Kwa amalumewo timapitako ngati tikupita kuchigayo. Kaya ndi maliro, kaya ukwati, kaya kukagula nyemba, timangokwera njinga yamoto ya kabaza, kudutsa m'minda ya fodya, kuwoloka kamtsinje, tafika. Chibadwire sindinaonepo wachibale akuzungulira kuchipata cha malire kuti akaone amalume ake. Choncho ndinamanga katundu: laputopu, sola, batire, shuga, ndi kope latsopano lolembamo masiku. Pasipoti ndinaitenganso, n'kuiika bwinobwino pansi pa chikwama kuti isade.

Amalume anandilandira ndi manja awiri, koma akazi awo anayamba andiyang'ana pamimba asanandipatse moni. Sabata isanathe mudzi wonse unali utagwirizana kuti mtsikana wa ku Malawi wabwera kudzabisa mimba ya mwamuna wamwini. Miyezi itapita mimba osaoneka, nkhani inasintha, akuti ndinaba ndalama kubanki. Ndinayesa kufotokoza za msonkho, koma amalume anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Usadandaule mwanangu, kaya walakwa chiyani, pano sakupeza."

Netiweki kunalibe. Malo okha amene foni inkagwira anali pachulu china chachikulu kumapeto kwa munda wa chinangwa. M'mawa uliwonse ndinkakwera pachulupo ndi kampando, ambulera ndi laputopu, n'kukhala mpaka dzuwa litapendeka, nyerere zikundiyenda m'miyendo. Tsiku lina ndili pamsonkhano wa pa vidiyo, mbuzi inakwera n'kuyamba kutafuna mpendero wa chitenje changa, ine nkhope ili bwinobwino ndikuyankha mafunso. Abwana anati malo anga ogwirira ntchito ndi okongola kwambiri. Ndinati zikomo.

Ndipotu lamulo langa ndinkalisunga kuposa swala ya kumzikiti. Mjigo wapafupi uli mbali ya Malawi, ine ndinakana kukatungako madzi kuopa kuononga tsiku, ndinkapita kuchitsime cha kudambo, mtunda wake kawiri. Mnzanga wa pamtima anakwatiwa ku Namwera, ine osapita, ndinangotumiza mbale (sanandikhululukirebe mpaka lero, ndipo sindikumunena). Tsiku lililonse ndinkalemba m'kope muja kuti lero, pa deti yakutiyakuti, ndili kunja kwa dziko.

Mwezi wachinayi amalume anakwera pachulu kudzaimba foni. Atamaliza anakhala pansi, ndipo mwa macheza chabe anati chulu chimenechi chinawakanganitsa kale ndi mnansi wawo wa ku Malawi, mpaka oyeza malire atabwera n'kugamula kuti ndi cha mnansiyo. Mwala wa malire, akuti, uli apo pansi pa mtengo wa mango. Ndinatembenuka. Mtengowo unali kumbuyo kwanga, mbali ya kunyumba, ndipo ndinkaudutsa m'mawa uliwonse. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndinkagona ku Mozambiki n'kumadzukira kuntchito ku Malawi. Nditawafunsa kuti bwanji sanandiuze, anati sindinawafunse. Ndinaganiza mofatsa, kenako ndinachita zimene munthu wophunzira amachita: ndinapanga ngati sindinamve.

Mwezi wachisanu uli kumapeto kunabwera imelo. Kampani inati aliyense wogwira nawo ntchito atumize nambala yake ya msonkho ndi kalata yosonyeza dziko limene amalipirako pasanathe masabata atatu, ndipo wopanda zimenezi ntchito yaima. Ine ndinayankha monyadira kuti sindine wa dziko lililonse, n'kufotokoza ndondomeko yonse ya a Saidi. Yankho linabwera laulemu kwambiri, mizere iwiri yokha: munthu aliyense amakhala penapake, ndipo iwo sangathe kulipira munthu amene sakhala kulikonse. Ndinaganiza za fizi ya mng'ono wanga, ndinaganiza za amayi, ndipo ndinachita mantha enieni. Nditamuimbira Saidi anati ali ndi kasitomala, andiimbiranso.

Mawa lake ndinakwera kabaza, kenako minibasi yotsika phiri mpaka pa boma. Ku ofesi ya misonkho ndinapeza mayi wina wachikulire wa magalasi, wofatsa ngati nesi wa kusikelo. Ndinafotokoza zonse, n'kuika kope langa patebulo kuti ndiwo umboni. Analitsegula, anawerenga masamba awiri, kenako anapempha pasipoti. Ndinaitulutsa ikunyezimira ngati yatuluka dzulo. Anaitsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto.

"Chidindo chotulukira chili pati, mayi?"

"Sitinadzere kuchipata. Tinadzera kumunda."

"Kumunda kwa ndani?"

"Kwa amalume."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, mapewa awo akugwedezeka. Atapezanso mpweya anandiuza kuti malinga ndi pasipotiyi, ine sindinachokepo m'Malawi ngakhale tsiku limodzi. Ndinapsa mtima, ndinati ndili ndi mboni mudzi wathunthu. Anati chabwino, koma ndiganize kaye. Ngati ndikufuna kulumbira kuti ndakhala miyezi yonseyi m'dziko la eni, ndikugwira ntchito, wopanda chidindo ngakhale chimodzi, ndiye kuti ndikudziitanira mlandu wina umene si wa ofesi yawo, ndipo a kutsidyako nawonso msonkho amaudziwa. Komanso nyumba yanga ili kuno, banki ili kuno, amayi ali kuno. Kope lija ndinalibweza m'chikwama mwakachetechete.

Ndinalira, ndisaname. Ndinawauza za masabata atatu, za mng'ono wanga, ndi kuti nyumba imene tili nayo ndi imodzi yomweyo, tikagulitsa amayi akagona kuti. Anandifunsa kuti wanena zogulitsa nyumba ndani. Anatenga mapepala anga a ku banki, anandifunsa zimene ndimagula pa ntchitoyi, monga mabandulo a intaneti ndi zina, n'kuyamba kuwerengetsa ine ndikupemphera chamumtima. Ndalama imene anatchula sinali yaing'ono, inandiwawa ndithu, ndipo pamwamba pake panali chindapusa cha kuchedwa. Koma inali ndalama yoti munthu angathe, makamaka atanena kuti ndikhoza kupempha kumalipira pang'onopang'ono. Nditaphatikiza m'mutu za kabaza, shuga, sopo ndi mafuta ophikira amene ndinathira m'nyumba ya amalume, ndinapeza kuti kuthawako kunandidyera zambiri kuposa zimene ndinkathawazo.

Anandipatsa fomu. Nditafika pa mzere wofunsa komwe ndimakhala, cholembera chinaima pang'ono, mayi aja akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lembani zoona zokhazokha, mayi," anatero. "Zina zija mudzauze adzukulu."

Ndinalemba kuti Namwera.

Kalata inatuluka kutatsala masiku awiri. Ndinaitumiza ndili chiimire pakhonde pa ofesi pomwepo, ndipo Lolemba lotsatira ntchito inabwera ngati kale: maola anayi a alimi akukangana za mitengo ya fodya m'Chiyao chozama, onse kuyankhula nthawi imodzi. Sindinasangalalepo ndi ntchito ngati tsiku limenelo. Fizi inapita nthawi yake, mng'ono wanga sanaphonye ngakhale kalasi imodzi.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Nthawi yolipira ikakwana ndimatsika phiri ndikung'ung'udza njira yonse, ndipo risiti ndimaiwerenga kawiri ndisanachoke pawindo. Koma chimodzi ndinachiphunzira ndi thupi langa lomwe: chinthu usanachithawe, yamba wafunsa kuti n'chachikulu bwanji. Ine ndinathawa miyezi isanu, pomwe kufunsako kunanditengera m'mawa umodzi ndi thiransipoti ya minibasi.