A Tigwetse-Tione ndi miyala ya padenga la Vasco

Ku Caledonia kuno, dera lathu la kunja kwa tauni, mukafunsa za a Fanwell Nkhoma, anthu angokuyang'anani ngati mwasochera. Koma mukati "a Tigwetse-Tione," ngakhale kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, akulozerani nyumba yawo. Malemuwo sankakhulupirira chinthu chongomva. Mukawauza kuti mbale iyi siisweka, iwo n'kuikweza m'mwamba n'kuisiya. Tinkawaseka, inde. Koma pakanapanda khalidwe limenelo, bwenzi lero mayi Nércia, mayi wamasiye wa ku Tete uja, alibe pogona mumzere wathu uno.

Matendawa anayamba ndi mkangano wa m'banja. A Fanwell atachoka ku famu ya fodya kumene anabadwira, ankagwira ganyu yokhoma malata, ndipo ankadziona ngati katswiri wa zinthu zonse zogwa kuchokera m'mwamba. Tsiku lina ananena kuti chinthu cholemera chimafika pansi msanga kuposa chopepuka. Akazi awo, mayi Febbie, anatsutsa.

"Bambo a Lidiya, ine ndagwetsa dengu kangati pothawa olanda malonda m'tauni? Tomato wamkulu ndi wamng'ono amafika pamodzi, amaphwanyikanso pamodzi."

"Amake Lidiya, za tomato musazibweretse pa nkhani za amuna. Tigwetse tione!"

Anakwera padenga ndi njerwa yathunthu ndi kachiduka, n'kuzisiya pamodzi. Phi! Phokoso limodzi. Anati dzanja linaterereka. Anabwereza ndi nyundo ndi msomali, dzungu ndi mbatata, mpaka mayi Febbie anayamba kukabisa mapoto kwa mayi Nércia. Potsiriza anatsika, naima pakati pa msewu, n'kulengeza kuti analakwa, amake Lidiya ndiwo ananena zoona. Amuna anzawo anawadzudzula kuti achititsa manyazi mtundu wonse wa ovala thalauza.

"Kakanganeni ndi dothi," anawayankha. "Ine ndafunsa, layankha. Pansi sipakondera."

Wina wofuna kuwagwira pakamwa anabwera ndi nthenga ya nkhuku: nanga iyi ichedweranji? A Fanwell anakanda m'mutu, natenga pepala, n'kulisiya. Linatsika chovinavina. Analifinya kukhala kampira, ndipo linagwa ngati mwala. "Pepala lomweli, kulemera komweku. Amene akulinyengerera m'njira ndi mpweya." Kuyambira apo sitinapumenso. Munthu sankanena kanthu pamaso pawo asanaganize ngati katundu wake angapirire.

Tsono nyumba zambiri kuno malata ake timawatsindira ndi miyala ndi matayala kuti mphepo ya Ogasiti isawatenge. Chaka china miyala inayamba kugwa pakhomo pa Vasco, wogulitsa nkhuni, munthu wa mtima wapachala. Woyamba unaswa ndowa, wina unam'phwanya chala chaphazi. Vasco anaitana madzibaba, mneneri wa mkanjo woyera ndi ndodo yaitali. Mneneriyo anazungulira nyumba, n'kuloza kutsidya kwa msewu. Anati miyalayo ikutumizidwa ndi mayi Nércia. Umboni wake? Amakhala okha ndipo amayankhula Chipwitikizi akamasesa.

Zinandinyansa, ndipo ndi manyazi ndikunena kuti anthu anakhamukira. Ena anayamba kutulutsa mabulangete a mayiyo panja. Mayi Nércia, amene anathawa nkhondo ndi mapazi ali mtsikana, anangokhala pampando wawo manja ali pamiyendo. Analibe kwina kopita.

A Fanwell anafika atanyamula makwerero paphewa.

"Sekuru, agogo athu, izi n'zamizimu, musalowererepo," anatero Vasco.

"Mizimu ndimailemekeza, mwana wanga. Koma mwala ndimaudziwa. Ndikwere kaye."

Anakwera osadikira chilolezo, ndipo ali pamwambapo anayamba kulalikira. Anati akuona malo oyera pamene panakhala miyala, ndi mikwingwirima yotsetserekera kukhomo. Anati denga lawerama ngati msana wa nkhalamba.

"Vasco, mtanda wapakati wochirikiza dengali uli kuti?"

Vasco anayang'ana kumbali. Mkazi wake ndiye anayankha kuti anauzula nthawi ya chisanu n'kuuwaza nkhuni.

"Ayi, zimenezo n'zongoonjezera," anatero madzibaba. "Mwala suyenda wokha."

"Mwanena bwino! Tigwetse tione. Inu madzibaba, amangeni mayiwo ndi pemphero, lamphamvu lenileni. Mukatha mudzaime pakhomo apa. Ngati ndi iwo, mwala sugwa, poti mwawamanga."

Pamaso pa khamu lonselo, mneneriyo akanakana bwanji? Anapemphera mpaka thukuta, n'kudzaima pakhomo. A Fanwell anaika mwala pamalo oyera aja, natsika, n'kuuza Vasco kuti atseke chitseko mmene amatsekera akakwiya. Vasco anachita mwaulemu.

"Si choncho," anatero mkazi wake. Analanda chitsekocho n'kuchimenyetsa mpaka khoma linagwedezeka.

Padenga panamveka kwee. Madzibaba anayang'ana kumwamba. Chitseko chitamenyedwanso, kwee uja anatalika, ndipo mkanjo woyera unali kale kutsidya kwa ngalande, ndodo itatsala. Mwala unagwera ndendende pamene anaima.

"Mwathawiranji, poti mwawamanga?" anafunsa a Fanwell.

Anthu anaseka n'kuyamba kubalalika, koma a Fanwell anawatsekera njira ndi makwerero. Anati kamodzi si umboni. Anabwereza mayi Nércia ali m'nyumba, anabwerezanso atawatumiza kumsika. Kenaka anachirikiza denga ndi mtengo, chitseko n'kumenyedwa mpaka mkono kuwawa, mwala osasuntha. Apo m'pamene analamula kuti aliyense amene anatulutsa bulangete alibweze yekha ndi manja ake, ndipo anaima pakhomo mpaka lomaliza linalowa.

Tonse tinkati bambowa adzafera padenga. Anatikhumudwitsa. Anafera pamphasa chaka chatha, pamalo pomwe panalibe koti n'kugwera. Mayi Febbie amati masiku omalizawo ankagwetsabe supuni ndi mapiritsi, kuona ngati dziko silinasinthe maganizo.

Kumanda, itafika nthawi yoponya dothi, mayi Nércia anasendera ndi ndodo yawo. M'dzanja limodzi munali chibuma chachikulu, m'linalo kamwala konga nyemba. Anatambasula manja onse pamwamba pa dzenje, n'kuwafumbatula pamodzi. Pabokosi panamveka phokoso limodzi. Tinaseka misozi ili m'masaya, mayi Febbie kuposa tonse.

Masiku ano mbale zathu zimakhalitsa, koma mphekesera zikuyendanso momasuka, ndipo tikuwasowa koopsa. Makwerero aja mayi Febbie anawapereka kwa mayi Nércia. Ali chotsamira khoma la nyumba yawo, moyang'ana kwa Vasco. Mwezi watha mayi wina anayamba kunong'ona kuti mwana wake akudwala chifukwa cha agogo ena a mzere wakumunsi. Mayi Nércia anasiya kusesa, nagwira makwererowo ndi dzanja limodzi.

"Amene waona zimenezo ndi ndani? Tiyeni tikaone."

Mayi uja anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto.