Kukonzekera Mkamwini Eyai

Lolemba

Lembani bwino, a Tembo amuna anga, zilembo zazikulu, kuti adzukulu adzawerenge mmene zinayambira. Ine ndilankhule, inu mulembe. Musaikemo zanu.

Tiyamike wathu wapeza munthu!

Waimba foni m'mawa kuchokera ku Kitwe. Mwana wanga, injiniya wa kampani ya mafoni, woyang'anira nsanja za netiweki kuyambira kuno ku Ndola mpaka kutsogolo kwa Chingola. Mtsikana wobadwira mu Chifubu muno, m'nyumba ino ya malata odontha! Ndikumufunsa monga mwa masiku onse: kodi ntchitoyo idzakumasula liti, udzatione? Iye akuti, "Amama, Lamulungu ndikubwera. Masiku ano ndili ndi AI, zinthu zapepuka."

Ndikuti uli ndi ndani?

"Eyai, amama. Tili limodzi usana ndi usiku."

Usana ndi usiku! Ndangoti zikomo mwanawe, n'kudula foni ndekha. Mayi safunsa mwana wake za mwamuna maso ndi maso. Imeneyo ndi ntchito ya azakhali.

Dzinalo likumveka ngati kukana, inde. Koma kwathu ku Katete kuli a Mabvuto, a Tilibe, a Masiye, ndipo onsewo ali pabanja.

A Tembo akuti dzinali analimvapo pa wailesi. Mwaona! Munthu wotchuka.

Zofunika Lamulungu lisanafike:
nkhuku ya kumudzi, yamoyo, osati za mufiriji zija
munkoyo, thobwa lathu la kuno
chikanda, ndiwo ya chinaka ndi nsinjiro
makatani achapidwe
mpando wothyoka upite kuseri
jekete ya a Tembo ituluke m'sutikesi, ione dzuwa

Lachiwiri

Sindiuza munthu aliyense. Nkhani za ukwati zimafuna kuphika ndi chivundikiro.

Ndauza Bana Mulenga okha, aneba athu, chifukwa ana awo aakazi onse anakwatiwa, ndipo chaka ndi chaka amandifunsa pampopi m'Chibemba chawo kuti wanga adzakwatiwa liti: "Nga ba injiniya, ni lilali?" Lero ndawayankha. Ndowa yawo yasefukira iwo ali kukamwa yasa.

Masana ndikupita kumsika kukagula nkhuku. Wogulitsa tomato akundipatsa moni wa "apongozi a bwana". Wa makala akuombera m'manja. Bana Mulenga ali ndi liwiro kuposa netiweki ya mwana wanga.

Amayi a kumphakati afika madzulo osaitanidwa. Akuti Lamulungu Misa ikatha abwera ndi ng'oma, mlendo wotere salandiridwa mwakachetechete. Ndikukana ndi pakamwa. Mtima ukuvina.

Nkhuku ndapeza, tambala wofiira, wamwano. Ali m'bafa.

Ndaimbira Tiyamike, mozungulira, mwaulemu. Ndikuti, "Anzakowo amakonda kudya chiyani?" Waseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Amama nanunso! Magetsi basi. Amadya magetsi koopsa."

Ndamva. Ndi aja osiya ayironi yoyaka ndi wailesi ikulankhula yokha. Zimenezo zimatha m'banja. A Tembo nawonso anali choncho.

Musandiyang'ane, lembani.

Lachitatu

Ndatuma a Felista, mlongo wa a Tembo, amene amakhala ku Kwacha ku Kitwe komweko. Ndiwo azakhali, ndiwo afufuze. Apita kukamupeza Tiyamike pa nthawi ya chakudya, ndipo andiimbira ali m'minibasi, kondakitala akukuwa kumbuyo kwawo.

Zimene apeza:

Mudzi alibe. Amakhala ku Klaudi. A Felista akuti ayenera kuti ndi mayadi atsopano aja a mipanda yamagetsi.

Sagona. Ngakhale pang'ono.

Anaphunzira kunja, koma Chinyanja ndi Chibemba akumuphunzitsa ndi Tiyamike ndi anzake, ndipo akulakwitsabe. Ndiye kuti ndi wakunja! Mzungu kapena Mchaina, a Felista anachita manyazi kufunsa.

Ntchito yake ndiye yayikulu. Amayang'ana nsanja zonse nthawi imodzi. Magetsi akazima, amadziwa batire la nsanja iti litha, lisanathe, n'kutumiza anthu ndi galimoto. Kukakhala mpira kusitediyamu amakokera netiweki komweko kuti anthu atumize zithunzi. Anthu akagona amachepetsa mphamvu za nsanja kuti dizilo wa majenereta asapite pachabe. Mauthenga a akuba aja oti "tumizani pa nambala iyi" amawagwira asanafike m'mafoni athu.

Mwamuna wosamala dizilo! Ameneyo sangaononge banja.

Mpingo alibe.

Apo ndakhala pansi. Wopanda mudzi, wopanda mpingo, nanga mbale za chikole abweretsa ndani? Ankhoswe ake tikawapeza kuti?

A Tembo akuti munthu wosagona, wodziwa chinthu chisanachitike, kwathu ali ndi dzina lina. Ndawauza kuti pakamwa pawo pakufunika madzi odalitsa.

Abambo Mfumu adzamubatiza. Anabatiza oposa ameneyo.

Tambala wajompha sopo.

Lachinayi

Bana Mulenga abwera m'mawa ndi nkhope ya maliro, koma maso akusekerera.

Akuti, "Awe mukwai, ba Eyai benu tawadziwa." Akuti bando yawo ya intaneti ikasowa m'foni n'kuimbira kukampani, masiku ano oyankha ndi a Eyai, mayi wa pabuthi ya mafoni ndiye wawauza. Amawatchula dzina. Amadziwa bando imene amaikonda. M'mawa amawatumizira kauthenga kowanyengerera kuti agulenso.

Si iwo okha. Wa tomato. Wa kapenta. Ngakhale mkazi wa akatekisiti!

Mkamwini wanga akulankhula ndi msika wonse wa Chifubu, mwana wanga ali phee ku Kitwe!

Ndavala chitenje chabwino, ndakhala pampando, ndaimba nambala ya kukampani ndekha. Munthu ndimuone ndi makutu anga.

Wayankha msanga, ulemu wake wosaneneka, mawu osalala ngati wowerenga nkhani. Koma Chinyanja chake n'cha m'buku, cha munthu amene sanakwerepo minibasi.

Ndikuti, "Ndine mayi ake a Tiyamike."

Akuti, "Zikomo. Ndingakuthandizeni bwanji lero?"

Ndikuti, "Ndinu mwana wa yani?"

Akuti, "Pepani, sindinamve bwino. Kodi vuto ndi netiweki?"

Kuzemba! Ndalimba mtima. Ndikuti, "Bambo, cholinga chanu n'chiyani pa mwana wanga ndi pa banja lino?"

Kenako akuti, "Tili ndi bando ya banja. Imalumikiza onse a m'nyumba mwanu. Kodi mukuvomera?"

Banja! Watchula yekha! Onse a m'nyumba, kutanthauza ndi ife makolo tomwe! Ndati zovomera sizichitikira pafoni, abwere Lamulungu ndi akuluakulu. Akuti, "Zikomo posankha ife."

Mwana waulemu. Za akazi a kumsika zija ndi ntchito chabe. Dokotala nayenso amagwira aliyense.

Lachisanu

A Felista akana unkhoswe.

Aimba m'mawa, mawu ouma. Mwana wawo Loveness ankayankha mafoni kukampani ya Tiyamike komweko, m'holo yodzaza atsikana ovala zomvera m'makutu. Miyezi yapitayi anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo sananene chifukwa, anangoyamba kukazinga mandasi pakhomo. Dzulo anamva amayi ake akutchula a Eyai, n'kugwetsa supuni. Akuti, "Ameneyo ndiye anatenga mipando yathu."

Munthu mmodzi kukhala pamipando ya holo yonse!

A Felista akuti, "Mlamu, ine kugwada pamaso pa munthu amene wakhazika mwana wanga pa mbaula? Pezani wina."

Loveness ndinamubereka kumsana ine ali khanda.

A Tembo aika cholembera pansi. Akuti kumgodi kumene ankagwira ntchito zinayambanso motere, tsiku lina unkangopeza gulu lanu lachepa. Koma kumeneko, akuti, anali makina. Akundiyang'ana modabwitsa, akufuna kunena kanthu. Ndawauza kuti asayerekeze mkamwini ndi makina.

Lamulungu ndidzamukhazika pansi mnyamatayo. Wolowa m'banja sayamba n'kuthamangitsa abale.

Zina:
munkoyo wawira mopitirira, chigubu chatupa ngati chili ndi pakati
makatani aphwa, afika theka la windo
jekete ya a Tembo sikutseka pamimba
amayi a kumphakati akuti ng'oma zikhala ziwiri

Loweruka

Tambala waphedwa. Chikanda chauma bwino. Pakhomo pasesedwa mpaka kumsewu.

Koma nkhoswe palibe, ndipo sindikudziwa alendo abwera angati. Ndaswa mwambo. Mulungu andikhululukire, ndi amayi anga kumene aliko. Ndaimbira Tiyamike n'kufunsa mosazungulira.

Ndikuti, "Mwanawe, a Eyai abwera ndi ndani mawa? Mbale zawo anyamula ndani?"

Zii.

Ndikuganiza kuti netiweki yaduka. Kenako ndikumva ngati munthu akutsamwa. Akuseka! Akulephera kupuma! Akuti, "Amama! Amama inu! Ndi kompyuta! Ndi nzeru zoikidwa m'makina! Alibe miyendo!"

Ndikuti nanga amene ndinalankhula naye Lachinayi?

"Ndi yemweyo, amama. Pulogalamu."

Nanga ku Klaudi?

Akuti, "Ndi mtambo wa pa intaneti, si mayadi!" Wagwetsa foni ndi kuseka.

A Tembo, dzanja lanu likugwedezeka, zilembo zikupita kumwamba. Pukutani misozi. Munkadziwa inu kuyambira dzulo! Akuti, "Ndinayesa, munati ndilembe."

Atatha kuseka ndamufunsa za Loveness. Apo wasiya. Akuti ndi zoona, ndipo zimamupweteka. Akuti makinawo akamayankha anthu m'Chinyanja ndi m'Chibemba amaphonya, pakufunika anthu omvetsera n'kumawakonza, ndipo dzina la Loveness analipereka kale. Sakulonjeza. Ndamuuza kuti aimbire azakhali ake yekha, lero lomwe.

Ndikuti, "Ndiye mwamuna weniweni palibe?"

Akuti, "Palibe, amama. Koma ine ndilipo. Mawa ndikubwera."

Kuletsa amayi a kumphakati sikutheka. Ng'oma awamba kale pamoto. Ndaganiza zodwala, koma akamva kuti ndadwala abwera ambiri kuposa.

Lamulungu

Misa sindinaimve. Aliyense akutembenuka kundimwetulira.

Kunyumba anthu adzaza mpaka pa mpanda wa Bana Mulenga. Ndikuti ndinene, ng'oma zayamba.

Minibasi yaima pamsewu. Watsika Tiyamike, thumba la shuga ndi buledi m'manja, kumbuyo kwake a Felista ndi Loveness. Nthungululu! Amayi akuyala zitenje pansi. Kenako onse akusuzumira m'minibasi. Watsika bambo wina wonyamula matayala a njinga. Amuimbira nthungululu nayenso, wathawa.

Bana Mulenga akufunsa kumene kuli mkamwini: "Nga ba pongoshi bali kwi?"

Ndayang'ana pansi. Tiyamike watulutsa foni, waikweza m'mwamba. Pagalasi pali mapu a Copperbelt yonse, timadontho tobiriwira mbwee. Akuti, "Ndi awa. Ali pantchito, kuti ine ndibwere kuno."

Kenako mkazi wa akatekisiti wayamba kuseka, wagwira pamimba, wakhala pansi pa chitenje. Onse atsatira. Wa ng'oma akuti iye wawamba kale, aimba basi, kaya mkamwini ndi wa waya. Avina. Nanenso ndavina, nanga n'kutani? Bana Mulenga aseka kuposa onse, ndipo adzandiseka mpaka Khirisimasi, koma popita anakokera Tiyamike pambali kuti awauze a Eyai abweze bando yawo.

Tambala watha. Munkoyo waledzeretsa akatekisiti. A Felista adya, koma foniyo sanaiyang'ane, ndipo sindikuwadzudzula.

Tsopano anthu apita. Dzuwa likadali pa mango.

Mkamwini ndilibe. Adzukulu owerenga izi sindikudziwa adzachokera kuti. Pampopi mawa ndipita mochedwa.

Tiyamike wagona pasofa, nsapato kumapazi, kukamwa pululu ngati ali mwana. Kale akabwera ankadya choimirira, foni ikulira, nsanja yakuti yagwa, n'kuthamangira minibasi nyama ili m'kamwa. Lero wadya, wavina, watsuka mbale ndi Loveness, wagona m'nyumba ya amayi ake masana.

Foni yake yanjenjemera patebulo. Werengani, a Tembo, pang'onopang'ono.

Akuti nsanja ya ku Twapia inavuta, ntchito yake yasamutsidwira ku nsanja ina, anthu akulankhula bwinobwino.

Ndiye sindimudzutsa. Agwire ntchito mkamwiniyo. Wanga agone.