Miyendo ya Bambo ku Kasupe wa Chiwira

Anzanga, usiku wathawu ndinalota nditabereka bambo anga ngati khanda, tikupita ku Chiwira, tauni ya kasupe wotentha amene amati amachiza nyamakazi. Miyendo yawo, imene inaleka kuyenda chaka chatha, inkakwekwereka pansi n'kumandifunsa kuti, “Kodi sitinafikebe?”

Ndiye tinaima pachipata, chipatacho n'kuyamba kutilongosolera mbiri ya malowo. “Poyamba amayi ankasosolera nkhuku pano,” chinatero. “Kenaka azungu anadzamangapo mabafa. Kenaka kampani inadzamanga ine.”

Mwadzidzidzi panatulukira a Mtewa, mkulu wa khonsolo ya tauniyo, atavala suti. Ali mkati motilonjera, lilime lawo linagawanika pawiri, tayi inatsetserekera kumbuyo n'kukhala mchira, ndipo patsogolo panga panaima ng'azi.

“Madzi onse tinawathira m'mabotolo, achimwene,” inatero ng'aziyo. “Chitukuko chimenechi. Madalawo alowe m'botolo asambe.”

Dziwe la kasupeyo linali louma ndithu, matope ake atang'ambika. Ndiye botolo lina linandinong'oneza kuti, “Mwambo wakale sunafe. Wobweretsa wodwala amafuula chiwongo cha wodwalayo, madzi n'kutuluka kudzamuzonda. Fuula.”

Mwadzidzidzi onse a m'mbiri ija anali atatizungulira: amayi atanyamula nkhuku zososola theka, azungu atamangirira matawulo m'chiuno, onse maso ali pa ine. Manyazi anga mukuwadziwa, anzanga. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, “Pepani, ngati n'kotheka…”

Kasupeyo anatulutsa madzi odzaza supuni imodzi, amene ananyowetsa chala chimodzi chokha cha kuphazi kwa bambo.

“Usavutike, mwana wanga,” anatero bambo modekha. “Chala chimodzi si chochepa.”

Ndiye kumsana kwanga kunapepuka. Potembenuka ndinawaona ali m'botolo, atachepa ngati kachiwala, akugogoda galasi, ng'azi ija ikutsekapo chivindikiro. Pamenepo mawu anabwera. Ndinafuula kuti, “Mbewe!” mpaka mabotolo onse ananjenjemera, ndipo pansi pa mapazi anga nthaka inayamba kufunda. Kugogoda kuja kunkangokulirakulira.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo m'chipinda china bambo ankagogoda kapu yachitsulo ndi supuni, monga amandiitanira m'mawa uliwonse. Ndinapita kukawatenthetsera madzi osamba.