Nkhono Yanga, Dzina la Agnesi

Mundikhululukire, owerenga, kuti munthu ngati ine, amene sukulu yake inathera pa Giredi 7 kumudzi, ndalimba mtima kugwira cholembera. Sindikanalemba ayi. Koma msuweni wanga Agnesi amaifotokoza nkhaniyi pamaukwati ndi pamaliro pomwe, ndipo nthawi iliyonse ndimatulukamo wopusa kuposa kale.

Linali dzinja, masiku aja sopo ankapezeka pamzere. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kufupi ndi Chalimbana, anaitana achinyamata pabwalo la tchalitchi, ati kwabwera mlendo wochokera ku Lusaka. Anali mayi wovala jombo. Tinkawatchula ba Dokota, ngakhale sankachiza munthu. Ntchito yawo inali nkhono. (Inde, nkhono zomwezi. Ifenso tinayang'anana.)

Anationetsa kachigoba koyera, kochepa ngati nshawa (mtedza), kokhala ndi timano pakamwa pake. Anakatola kopanda kanthu mkati m'mbali mwa mtsinje, ndipo ankaganiza kuti mtundu umenewo sunalembedwepo m'buku lililonse.

"Ngati ni yatsopano, izafunika dzina," anatero. "Nizaipasa dzina la uja azanibweretsera. Koma nifuna yonse, mwamvera? Yonse."

Ine ndinali kumbuyo, ndipo ndinamva kuti akufuna zonse. Kufunsa ndinachita manyazi.

Agnesi manyazi sawadziwa. Ndi mwana wa amalume, choncho chisuweni chimamulola kundiseka paliponse. Tsiku lomwelo anali atanyamula kale chikwama cha ba Dokota, akuseka nawo ngati anakulira nyumba imodzi. Mawa lake anabweretsa nkhono wamba, zikuluzikulu zija zowononga ndiwo kudimba, koma ba Dokota anati, "Uyu mwana ni wochangamuka." Mawu amenewo anandikhala pakhosi ngati mbatata yodya popanda madzi. Ine amene ndinkasesa m'tchalitchi osatumidwa, palibe anali atandinenapo kuti ndine wochangamuka.

Ndinayamba kufufuza ndekha, osauza munthu, mpaka ndinazipeza m'masamba owola pansi pa mkuyu wina. Timano pakamwa tinalipo, ndipo kanyama kake kanali kachikasu ngati papaya wakupsa. Ndinatola zonse, osasiya ndi imodzi yomwe, kuti Agnesi akadzafika adzapeze masamba okha.

Kunyumba ndinaziyang'anitsitsa, mtima n'kukana. Zinali ndi matope, zonanda m'manja. Ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sapatsidwa chinthu chauve. Ndiye ndinayamba kusankha. Ziwiri zinali zobenthuka m'mphepete, ndinaziponya kuseri kwa nkhokwe. Zotsalazo ndinaziviika m'madzi otentha, n'kutokosa nyama yake ndi munga, abakha a amayi akulandira pansi. Kenaka ndinatenga kachidutswa ka sopo kamene amayi anakaimira pamzere ku Chongwe, n'kutsuka chigoba chilichonse, n'kupaka timafuta. Zinawala ngati mikanda.

Agnesi anandipeza ndikuziyanika.

"Amuna anga, mwayamba kusambika nkhono? Ine mkazi wanu simunanipaseko sopo."

"Pita, Agi. Si zako izi."

Anapitadi, koma anadzera kunkhokwe.

M'mawa ndinavala malaya a Sande, n'kupita kumishoni kumene ba Dokota ankagona. Ndinaika zigobazo m'mbale ya alendo, n'kuphimba ndi kansalu, ndipo ndinapereka nditagwada. Agnesi anali pakhonde, akudya mango. Ba Dokota anatenga kagalasi kokulitsa zinthu, anatembenuza chigoba, anayang'ana timano tija ndi mizere yozungulira.

"Ni yamene iyi," anatero. Mtima wanga unavina. "Manje nyama yake ili kuti?"

"Ninachosa, ba Dokota. Inali na dothi."

"Unachosa. Unaika kuti?"

"Abakha anadya."

Anavula magalasi awo. Kenaka anandifotokozera mofatsa kuti chigoba chokha chimanamiza. Mitundu iwiri yosiyana ikhoza kuvala zigoba zofanana, monga ana asukulu mu yunifomu. Chowasiyanitsa chili mkati, makamaka ziwalo zoberekera, ndipo nkhono imodzi imakhala ndi zachimuna ndi zachikazi pamodzi. Ankanena akujambula papepala, kutchula chiwalo chilichonse ndi dzina lake. (Ine ndinali ndisanamvepo mayi wamkulu akutchula zinthu zotere dzuwa likuswa mtengo. Maso anga anakhazikika pa jombo zawo.)

"Kansi amuna anga adyesa abakha chimuna cha nkhono," anatero Agnesi, "na chikazi chake pamodzi."

Atatero anatulutsa kachitini ka dzimbiri. Mkatimo munali ziwiri zobenthuka zija, zamoyo, zikukwawa m'matope, timanyanga tili m'mwamba.

"Wazipeza kuti?" anafunsa ba Dokota.

"Ninatola zamene anataya asuweni. Zinali zoipa maningi kwa iwo."

Ndinathamangira kumkuyu kukafuna zina zamoyo. Ndinapeza zimene ndinakonzera Agnesi: masamba okha. Madzulo amayi anafunsa za sopo, ndipo kwa sabata yathunthu banja lonse linasamba madzi okha, aliyense akundiyang'ana.

Ba Dokota anabwerera ku Lusaka, ndipo panapita nthawi yaitali. Ndinkapemphera (Mulungu andikhululukire) kuti akatsegula nkhonozo akapeze kuti ndi mtundu wakale wodziwika ndi aliyense. Pemphero limenelo silinayankhidwe.

Anadzabweranso pa chikondwerero cha ufulu, atanyamula chithunzi chosindikizidwa. Mbali imodzi panali ziwalo zamkati za nkhono ya Agnesi. Mbali inayo panali chigoba choyera bwino, chopanda pobenthuka, chimodzi mwa zanga. Pansi pake panali dzina.

Tcheyamani anachiyang'ana, n'kuyang'ana gulu. "Ali kuti mnyamata uja amawerenga bwino m'tchalitchi? Abwere atiwerengere."

Ndinaimirira pamaso pa mudzi wonse, n'kuwerenga dzina la Agnesi litaikidwa kamchira ka Chilatini. Amayi ena kumbuyo anati sanamve, ndiye ndinabwereza. Agnesi anavina mpaka chitenje kumasuka.

Chiyambire pamenepo, ndikapanda kumva ndimafunsa, ngakhale mawu anjenjemere. Nsanje yokha ndiyo sinaphunzire kanthu: ndikaona mkuyu ndimapalasabe masamba ndi phazi. Koma za dzina zinatha tsiku limenelo, ndi pakamwa panga pomwe, pa 24 Okutobala 1983.