Tizilombo ta m'Thanki ya Dona

Lolemba

Thanki yagalasi ya nsomba yafika kuno kukomboni ku Hatcliffe pa lole, madzi ake m'zigubu. Dona apita kunja, sadzabweranso. Nyumba yagulitsidwa, ntchito yanga ya m'dimba yatha. Mawu awo otsiriza: "Usunge mpaka Loweruka. Mlongo wanga adzatenga thanki. Akapeza korali ali moyo, adzakulemba ntchito."

Ndiye kuti chakudya cha banja lonse chili m'galasi!

Muli nsomba ziwiri, miyala ya mabowomabowo, ndi korali anayi. Atatu ngati bowa, mmodzi ngati nyanga za gwape. Akuti ndi nyama. Nyama yosayenda!

Tebulo latengedwa ndi thanki, ife tikudyera pansi. Akazi anga, amayi a Tendai: "Nsomba zosadyedwa zili ndi thumba la mchere, ife ndiwo zozizira." Thumbalo ndabisa kunsi kwa bedi.

Lachiwiri

Magetsi apita m'mawa. Pampu yoyendetsa madzi zii. Ndikuvundula madzi ndi kapu mpaka mkono kuchita dzanzi. Kenaka ndikuona kamwala kakuyenda. Si kamwala! M'miyalamu muli alendo, ndipo dona sanandiuze.

Amene ndawaona:
nkhono zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri, zikunyambita galasi
kanyenyezi ka miyendo yoonda, kakusuzumira pabowo
nyongolotsi yaubweya ngati chiyabwe
tina ngati utitiri, tosawerengeka
kaduwa kofiirira, kokongola, kamanyazi. Ndikasendeza chala kamabisala.

Wodya korali ndi uti? Wosadya ndi uti? Ndifunse ndani? Abusa sadziwa. Aneba anga a Moyo ayang'ana nthawi yaitali, kenaka: "Sekuru, zvinodyiwa here?" Akufunsa ngati zimadyedwa. Nawonso akuganiza za ndiwo basi.

Mtima suli m'malo.

Lachitatu

Ndaganiza bwino. Ku pulazi ya fodya, tisanathamangitsidwe, ntchito yanga inali kutembenuza masamba kufuna mbozi. Palibe amene ankandiposa. Lamulo lake ndi limodzi: chokhazikika ndi mbewu, chokwawa ndi mdani.

Supuni ya tiyi, singano, botolo la jamu. Nkhono zonse, tuluka! Kanyenyezi kakana, kagwira mwala ndi miyendo yonse, koma katuluka. Nyongolotsi yandibaya ubweya pachala. Chala chikuyabwa, chatupa. Mdani weniweni ameneyu!

Sindinaphe. Ndaika m'botolo ndi madzi amchere ndi kachidutswa ka mwala, kuti bwana, mlongo wa dona uja, adzaone umboni wa ntchito yanga.

Amayi a Tendai aima pa mzere wa buledi tsiku lonse, abwera chimanjamanja, andipeza ndikulankhula ndi nkhono.

Lachinayi

Kaduwa kaja sikayenda, ndiye ndi mbewu. Mwana wa korali, ndithu! Ndakapatsa kanyenyeswa ka kapenta, kalandira ndi timanja take, kameza. Kaulemu kwake!

Nzeru yabwera ndikuvundula madzi. Mbatata timadula kholowa n'kubzala, imachuluka. Bwanji kameneka? Bwana akayembekeza anayi n'kupeza asanu ndi atatu, akana bwanji kundilemba?

Lezala. Zidutswa zinayi. Ndabzala chilichonse pafupi ndi korali wamkulu kuti chikule moona makolo.

Tsopano mantha. Nanga ndikapha? Nanga ngati kanali kodula kuposa onse?

Lachisanu

Sindinaphe. Zidutswa zonse zatulutsa timanja, ndipo pamene ndinadula paja patuluka tina ting'onoting'ono. Dzanja langa lidakali la mlimi!

Koma zina sizili bwino:
galasi layamba ndere zobiriwira
zotsala za nsomba zangoti mbwee pansi, palibe wotola
korali wa nyanga wayera mbali imodzi ngati fupa
wa bowa mmodzi wadzikwinya, sakutseguka

Pali mdani wina amene wabisala. Ndatembenuza mwala uliwonse kawiri. Palibe! Mbali yoyerayo ndi imene yayang'ana kaduwa, mwina akufuna kuyandikana. Ndawasendeza.

Amayi a Tendai anyamula botolo la jamu n'kuliunika pazenera: "Bambo, bwanji la akaidi anu likuwala chonchi, pamene lanu likuda?"

Ndawauza kuti za m'madzi sazidziwa. Mawa!

Loweruka

Ndapukuta galasi, ndavala jekete ya ku tchalitchi. Magetsi aliponso, mwayi!

Bwana afika masana. Agwada, ayang'ana, nkhope ikufiira. Aloza maduwa anga: "Wachita izi ndani?"

Ine monyadira: "Ndine, bwana."

Akuti si ana a korali ayi. Akuti ndi chilombo choluma, chimaotcha korali aliyense woyandikana nacho, ndipo ukachidula m'pamene chimachuluka. Mwala umene chalowa ndi wotaya. Ndiye kuti ndi kaufiti! Ine wa pa pulazi, wodziwa kuti kaufiti ali ndi duwa lokongola koma amapha chimanga, ndamupatsa kapenta wa ana anga!

Ndatulutsa botolo kuti mwina umboni undipulumutse. Bwana aseka mpaka kutsokomola. "Awa ndiwo antchito! Nkhono zimapalira ndere, enawa amasesa. Wachotsa antchito onse pamunda!"

Mawu amenewo alowa pa bala lakale.

Atenga nsomba, korali awiri otsala bwino, pampu, ndi botolo la jamu. Botolo aliika pampando wa kutsogolo. Za ine: "Tidzaona."

Lamulungu

"Tidzaona" ndimamudziwa. Ndinamumvanso ku pulazi.

Andisiyira thanki, miyala, ndi maduwa anga. Lero ndawerenga khumi ndi atatu, onse athanzi, osafuna magetsi, osafuna pampu. M'dziko lino chilipo chimodzi chimene chikuchuluka popanda mzere.

Amayi a Tendai alawa mchere wa kunsi kwa bedi, alavula. Ndi wowawa, ngakhale wa ndiwo si umenewo. Akuti mawa tikaone kumsika wa ku Mbare ngati alipo wofuna wonyamula matumba.

Chala chaphwa. Nkhono zisanu ndi ziwiri, kanyenyezi ndi nyongolotsi zapeza ntchito kumayadi, ndi malo ogona omwe. Zikamugwirire bwino bwanayo. Ine ndiye ndinazilembetsa.