Sabata Imene Tonse Tinali Apulezidenti

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika. Dzulo pa reuniyawu, msonkhano wa gulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Domwe ndinaimirira n'kulonjeza kuti pofika Loweruka gulu likhala ndi saiti pa intaneti, kuti ogula a ku Tete azitipeza okha, mavenda a pamalire asiye kutidyera masuku pamutu. Anthu m'manja phuphuphu! Adziwa kuti ine mlembi wawo sindinapite pachabe ku Ulongwe miyezi itatu kukaphunzira komputadolo, kompyuta imene.

Ntchito yake ndi yamasewera. Pali pulogalamu ina imene imagwira ngati chikombole cha njerwa. Umakonza chikombole chimodzi: apa dzina, apa chithunzi, apa mudzi, apa zimene munthu amalima. Kenako umalemba za mlimi aliyense m'kakalata kakekake, n'kulamula, iyo n'kuumba mapajina, masamba a saitiyo, onse nthawi imodzi. Alimi 23, mapajina 23.

Lachitatu ndikhala nditamaliza. Masiku otsalawo ndi ongolandira ulemu.

Lachiwiri

Chikombole ndatenga chaulere pa intaneti. Redi, netiweki ya foni, imagwira pachulu cha kuseri kwa khola basi, ndiye ndili pamenepo m'mawa wonse, komputadolo pamwendo, mbuzi zikundiyang'ana ngati ndabwera kudzazilanda malo.

Ndalamula. Yaumba! Ndatsegula. Zimene zatuluka:
— hotela ya m'mbali mwa nyanja ya kwinakwake
— mawu a Chilatini amene ngakhale ansembe a ku Fonte Boa sangawamve
— mzungu akuseka, kapu m'manja, pamimba pali mbee
— pansi pa mzunguyo: "Zakariya, mlimi wa mbatatesi, Domwe."

A Zakariya ndiwo apulezidenti a gulu lathu. Malaya savula ngakhale pokumba chimbudzi.

Lachitatu

Mzungu ndamuthamangitsa. Lero ndi tsiku lojambula anthu enieni. Njinga, zitunda, fumbi mpaka m'mano.

— A Zakariya akana kujambulidwa m'munda. Avala jekete, atsamira galimoto ya munthu wodutsa.
— Mayi Nangozo: "Pajinayo mulembe dzina langa. Bambowa munda amaukumbukira tsiku logulitsa lokha." Bambowo ali pomwepo, akuyang'ana kumwamba.
— A Bonifasiyo akuti ndilembe kuti amakolola matumba 200. Munda wawo nkhuku imaudutsa osaima.
— A Bonifasiyo omwewo: "Kodi intanetiyo ili mbali ya kwathu kuno kapena ya ku Malawi? Ndisaoneke kumeneko, kuli apongozi anga akale."

Sindinamalize. Ulemu udikire kaye.

Lachinayi

A Zakariya afika ndisanasambe n'komwe. Ndawaonetsa pajina yawo, ndi ya a Bonifasiyo.

"Amlembi, izi zikufanana bwanji? Ine ndi Bonifasiyo ndife amodzi?"

Ndawafotokozera za chikombole, kuti njerwa zonse zimatuluka zofanana.

"Ndiye kuti chikombole chanucho sichinaleredwe."

Akufuna mawu akuti PULEZIDENTI pamwamba pa dzina lawo, akuluakulu, ofiira. Ndikulemba iwo ataima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundiwotcha m'khosi, chala chawo chikudetsa galasi. "Kulitsani. Kulitsaninso." Ndakulitsa mpaka mawuwo aphimba chipewa chawo pachithunzi. Akondwa. Apita akuimba mluzu.

Ndatseka komputadolo osayang'ana china chilichonse. Mutu!

Lachisanu

Ndatumiza adiresi ya saiti kwa msuweni wanga amene amakhala ku Tete kuti aone kaye. Yankho lake: "Sizikutseguka. Kapena mbatatesi zatha?"

Kwa ine zikutseguka bwinobwino!

Masana ndazindikira. Saitiyo ikukhala m'komputadolo yanga mokha, ngati njerwa zoumbidwa koma zosanyamulidwa. Ndiyenera kuikweza pa intaneti. Pachulu. Zimene zachitika kumeneko:
— redi yabwera
— redi yapita
— yabweranso, saiti yakwera theka, yaima, ikuganiza
— mvula
— ndathawa komputadolo ili m'malaya ngati mwana wodwala
— megasi a intaneti atha

Palibe vuto. Mawa a gulu ndikawaonetsa pa komputadolo pomwepo. Intaneti ndikawauza kuti ikubwera m'mbuyo.

Loweruka

Mayo ine!

Anthu adzaza kalasi ya pasikola, ena ali m'mawindo. Ndatsegula pajina ya a Zakariya: PULEZIDENTI. M'manja. Iwo akugwedeza mutu ngati bishopu. Ndatsegula ya a Bonifasiyo: PULEZIDENTI. Chete. Ya mayi Nangozo: PULEZIDENTI. Ndikudumpha mofulumira, koma onse, onse 23, ofiira, akuluakulu! Lachinayi lija mawuwa ndinawalemba m'chikombole m'malo mwa m'kakalata ka a Zakariya.

Ndikuti, "Ndi mzere umodzi wokha, ndipatseni mphindi imodzi." Palibe akundimva.

A Zakariya: "Mwana iwe, wakutuma ndani?"
A Bonifasiyo, ataimirira, akukonza kolala: "Ine sindinapemphe, koma sindikana."
Mayi Nangozo: "Zaka zisanu ndi ziwiri tikupempha chisankho. Lero ngakhale makina atopa nanu."

Nthungululu! Wina wayamba kuwerenga manja. Pasanathe ola gulu lili ndi pulezidenti watsopano, mayi Nangozo, ndipo a Zakariya atuluka osatsanzika, njinga akuikankha.

Chigamulo choyamba cha mayiwo: za saiti zithe. Ali ndi nambala ya woyendetsa lole wa ku Tete, amuimbira pomwepo, abwera Lachiwiri. Zatenga mphindi zitatu. Ine sabata yathunthu.

Lamulungu

Mzere uja ndaukonza m'mawa. Mphindi imodzi ndithu, monga ndinanenera. Saiti tsopano ndi yokongola zedi. Oiona: ine.

Ku Misa a Zakariya akhala benchi la kutsogolo kwanga. Pa nthawi yopatsana mtendere atembenuka, apereka dzanja kumanzere kwanga, kumanja kwanga, ine andilumpha ngati chithaphwi.

Potuluka andigwira mkono amayi oyang'anira kwaya. "Amlembi, tamva kuti makina anu amachotsa anthu pampando. Ifenso tikufuna saiti. Tilipo 40, ndipo wotiimbitsa uja wakhalitsa."

Ndawauza kuti komputadolo inalowa madzi Lachisanu, inafa. Bodza, pakhomo pa tchalitchi, mkate wa Ambuye usanatsike n'komwe.

Mawa ndikukakumba mbatatesi.