Mmene Ndinabweretsera Mathithi ku Kanyama

Inu amene mumati Kanyama amasefukira chifukwa pansi pake pali thanthwe, anakuuzani ndani? Munakumbapo? Khalani pansi mumve, ndipo musandidule mawu, nyemba zili pamoto. Madzi a ku Kanyama ndinawaitana ndine, ndi pakamwa panga pomwe pano, m'Chingerezi. Wotsutsa akafunse amake Bwalya amene tinkakhala nawo khomo ndi khomo, koma atenge fosholo, chifukwa tinawaika ku Chingwere kalekale.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene munthu ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, n'kufunsa pambuyo ngati ndi wa sopo kapena wa mafuta ophikira a saladi. Bambo wa ana anga anapita kumigodi kukafuna ntchito, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe mpaka lero. Ine ndinatsala ndi ana anayi ndi hamala imodzi. M'mawa ndinkaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, masana ndinkachapa kumayadi, ikamakwana folo koloko ndili pa liwiro kupita ku holo ya tchalitchi kusukulu ya akuluakulu, fumbi lili mbuu m'nsidze.

Musaganize kuti ndinkathamangira kukonda choko. Hotela ina m'tauni inkafuna amayi ochapa, koma inati aliyense abwere ndi pepala losonyeza kuti amatha kucheza ndi alendo m'Chingerezi, ngati kuti nsalu za pabedi zimayankha. Koma ntchito ya pamwezi ndi ya pamwezi, ndipo ine chifuwa chinali chitayamba kutsokomola fumbi la miyala. Pepala limenelo ndinkalifuna kuposa mmene ndinafunirapo mwamuna.

Aphunzitsi athu anali ba Mulenga, bambo woonda wa ku Kitwe, wa tayi imodzi. Anatiuza kuti woyesa mayeso wochokera kuboma ali ndi funso lake lomwe saliiwala: fotokozani malo okongola amene munaona pa ulendo.

Ndinakweza dzanja. "Ba Ticha, ine ulendo nayendapo umodzi chabe, kuchoka ku Katete pa lole ya nshawa, pansi pa tenti. Njira yonse ninaona kumbuyo kwa mbuzi."

"Mbuzi siili pa mayeso, amake Dalitso," anatero ba Mulenga. Anachotsa kalendala yakale pakhoma, natisonyeza chithunzi cha mathithi a ku Livingstone, n'kulemba pabolodi yankho la mizere khumi ndi iwiri. "Kuyambira lelo, monse munayenda ku Livingstone na sitima. Mwamvera? Monse!"

Basi, amayi makumi atatu amene sanapitirirepo Kafue tinakwera sitima imodzi, tinakhala pawindo limodzi, tinaima pamwala umodzi, n'kuona utawaleza umodzi womwewo. Ba Mulenga nawonso anali asanafikeko, koma iwo anali ndi tayi.

Anzanga ankaloweza mwaulemu, Lamlungu akachoka kutchalitchi. Ine ndinalibe nthawi ya ulemu. Ndinatengera yankho lija kumiyala, liwu limodzi hamala imodzi, liwu limodzi hamala imodzi, kuyambira pa moni wa m'mawa, kukwera sitima, kumva mkokomo ngati bingu, kuona utsi woyera wa madzi ukukwera kumwamba, mpaka kukathera pothokoza bwana, ndikatero n'kuyambiranso, ndipo ndikukuuzani kuti pa Kanyama panali phiri lalitali lomwe ndege zinkachita kulilambalala, ndinalimaliza ine m'masabata awiri pophunzira mzere wachitatu wokha, n'chifukwa chake lero mukaima pamsika mumaona mpaka ku Matero popanda chotchinga. Mukumva?

Sabata yachitatu mpini wa hamala unayamba kunyowa. Ndinati ndi thukuta. Koma unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo ine ndikangofika pa mzere wa utsi woyera, kankhungu kankatuluka m'kamwa mwanga n'kukhala pamutu ngati chipewa. Nkhuku zinayamba kuyetsemula. Ufa umene ndinaimira pamzere tsiku lathunthu unamera ngaiyaye m'thumba momwemo. Achule amene sanaonekepo chiyambire dziko anabwera ndi mabanja awo n'kukhala mondizungulira, ndipo wina wamkulu ankandikonza ndikalakwitsa katchulidwe.

Amake Bwalya anatulukira ndi bulangete lawo likudontha. "Imwe amake Dalitso, lekani vizungu vanu ivi! Masiku atatu nayanika, siviuma. Kambani ko va chipululu!"

Ndikanatani ine? Chipululu sichinali pakalendala.

Kenako utawaleza unabwera n'kukhazikika, mwendo umodzi pachimbudzi changa, wina pa shabini ya kuseri, ndipo unakana kuchoka ngakhale ana ankaugenda. Ba Tcheyamani wa chigawo chathu anafika ndi buku m'khwapa kudzafunsa ngati utawalezawo uli ndi khadi la chipani, popeza unali ndi mitundu yambiri pamene dziko linagwirizana za umodzi. Ndinawayankha ndi mzere wachisanu ndi chiwiri, uja wa mkokomo, ndipo anabwerera kwawo akusambira, buku lili pamutu. Azungu awiri a makabudula anatsika basi ndi makamera akufunsa njira ya kumathithi, chifukwa akuti ku Livingstone anapeza patsala kamadzi kongokwana kutsukira kapu. Madzi onse anali atasamukira kwa ine. Ndikunama ine? Ndinamize ndani pa msinkhu uno?

Tsiku la mayeso ndinapita ku holo pa bafa langa lochapira, ndikupalasa ndi mthiko, diresi la ku tchalitchi nditalimanga pamutu, panjira ndikupatsana moni ndi mapoto, nsapato ndi tambala wina amene ankayenda ulendo wake pa chitseko. Woyesa uja ndinamupeza atakweza mpando pamwamba pa tebulo, thalauza atapinda, nkhope ili ngati ya munthu amene wadya mandimu. Nanga si anali atamva kale amayi khumi ndi asanu ndi awiri akukwera sitima imodzimodziyo?

Tsono apa mvetserani, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Yankho lija ine ndinaliloweza ngati chingwe cha pachitsime: ukachigwira pakati chimapulumuka, uyenera kuyambira kunsonga. Ndinapereka moni, ndinakwera sitima, ndinamva bingu, madzi ali m'mawondo. Bamboyo anakweza pensulo n'kundifunsa m'Chingerezi kuti ndinapita ndi ndani.

Ndinapita ndi ndani? Ba Mulenga sanatipatse munthu wopita naye! Ndinamuyang'ana, iye anandiyang'ana, ndipo ndinaona hotela ija ikutseka chitseko, ndinaona hamala ikundidikira pamulu wa miyala mpaka tsiku la maliro anga. Ndinakoka mpweya n'kuyambiranso: moni wa m'mawa, sitima, bingu. Madzi anafika m'chiuno. Anandidulanso, akuti sitimayo inanyamuka nthawi yanji. Moni wa m'mawa, sitima, bingu, utsi woyera! Madzi anafika m'khosi, bolodi linayandama, kalendala ija inatuluka pawindo kubwerera kwawo, kapenta analowa m'thumba la jekete la bamboyo, mvuu inasuzumira pakhomo n'kupepesa kuti yasokoneza, ndipo tebulo la woyesa linayamba kuzungulira holo yonse ngati basi yosowa siteshoni, iye atakumbatira mapepala, magalasi ali ndi nthunzi, ine ndili pambuyo pake pa bafa ndikupalasa ndi kufuula mzere wachisanu ndi chinayi, chifukwa munthu amene wayamba kufotokoza malo okongola ayenera kumaliza. Mukumva?

Atatsegula pakamwa kachitatu, ndinangoti moni wa m'mawa. Chingerezi chake chonse chinathera pomwepo, n'kuyamba kundichonderera m'chinenero cha kwawo.

"Mayo, napapata, mwapasa! Osayambiranso! Nili na bana!"

Anasaina pepala lija ataligoneka padenga, chifukwa ndi pokhapo panali pouma. Ndinamuthokoza monga mwa mzere wakhumi ndi chiwiri, ndipo madzi anayamba kuphwa. Koma sanaphwe onse. Madzi akadziwa njira ya kwanu saiwala, n'chifukwa chake amabwera chaka ndi chaka kudzaona ngati ndikadalipo.

Ntchito ndinaipeza. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinachapa m'hotela imeneyo, m'chipinda cha kuseri chopanda windo, ana anga onse anayi n'kuphunzira mpaka kumaliza. Mlendo sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe. Ndinkangolandira malaya awo onyowa akabwerako kumathithi, ndipo m'zaka zonsezo palibe thaulo limene linandifunsa za ulendo wanga.

Chaka chatha Dalitso anabwera ndi galimoto yake, akuti amayi tiyeni ku Livingstone mukaone mathithi anu aja ndi maso. Ndinakana. Ndikatani kumeneko? Amene anapitako akuti umachita kulipira pageti, n'kuima kuseri kwa mpanda, madzi ali kutali uko, sakulowa ndi m'nyumba momwe. Amenewo n'kumati mathithi? Anga ankafika m'khosi.

Ndipo iwe wakumbuyo amene ukuseka, ndikukuona. Yankho lija ndikadalikumbukira lonse, mizere khumi ndi iwiri. Kaanule kaye zovala zako, ndiyambe ndi moni.